Mchere wa Abiti Ajasi

Lolemba kireni ya padoko sinadzutse khosi.
Amuna anakhalira matumba a simenti
amene anayenera kukhala pamisana pawo,
akuwerenga miyezi pa zala: Meyi, Juni, Julaye,
chala chachinayi chitayamba kale kupindika.
Abwana anatuluka ndi pepala m'manja
nati cheke chili ku likulu, chikungodikira wosaina.
Twaibu anafunsa ngati mawu amenewo
angakaperekedwe kwa eni nyumba m'malo mwa lendi.
Palibe anaseka.

Ine ndimagulitsa mu golosale ya Che Likagwa,
moyang'anizana ndi depoti ya Monkey Bay.
Shuga wathu ndikudziwa njira yake:
amabwera pa lole, Lachinayi, kudzera ku Liwonde.
Sitima sanaikwerepo chibadwire.
Koma mphekesera sifunsa njira.
Wina anati pachigayo, padoko anyanyala ntchito.
Nkhaniyo pofika pamjigo, misewu inali itatsekedwa.
Pofika kumsika wa usipa, dziko lonse linali litatha mchere.
Lachiwiri, ndisanamasule loko wachiwiri,
mzere unali utafika kwa okonza njinga.

Anamwino anatenga sopo khumi ndi awiri.
Mkazi wa msilikali anabwera ndi wilibala.
Aphunzitsi opuma aja, amene adokotala anawaletsa zotsekemera,
ananyamula shuga mapaketi asanu ndi atatu
nandinong'oneza kuti mwana wawo asamve.
Machesi anapita, makandulo anapita,
ngakhale polishi wa nsapato wofiira
amene ndakhala ndikumupukuta fumbi zaka ziwiri
anapeza mwini tsiku limenelo.
Amayi awiri oimba kwaya imodzi
anakanganirana botolo lomaliza la mafuta
mpaka chivindikiro chinatsala m'manja mwa wina.

Che Likagwa anaimba foni ali kuboma:
fufuta mitengo, ulembe ina.
Ndinanyowetsa chala ndi malovu.
Choko chinandithyokera kawiri.

Abiti Ajasi, mkazi wa Twaibu, sanalowe pamzere.
Anaima pamthunzi wa khonde, mwana kumbuyo,
akuyang'ana anthu akuthawa njala ndi majumbo odzaza.
Apo m'pamene ndinadziwa
kuti mantha nawo amafuna ndalama.
Iye analibe yogulira ngakhale mantha.
Dzina lake m'buku la ngongole ladya masamba atatu,
ndipo pansi pake abwana anajambula mzere wofiira
wokanikiza mpaka kuboola pepala.

Anthu atatha, mashelefu ali yasa ngati m'kamwa mopanda mano,
anasendera pafupi.
Sanapemphe. Anangofunsa ngati lole ibweradi.
Pansi pa kauntala, kuseri kwa chidebe chokolopera,
ndinali nditakankhirako kapaketi ka mchere ndi phazi,
sindikudziwa nthawi yanji.
Ndinakakulunga m'nyuzipepala.
M'buku ndinalemba dzina langa, Sikujuwa,
ndi mtengo watsopano uja, wolemba ndekha.

Lachinayi lole inafika monga mwa masiku onse,
yodzaza mpaka tenti kutupa.
Dalaivala anatsika akutafuna nzimbe
nafunsa ngati kwachitika maliro.
Mashelefu anadzalanso.
Mitengo yokha sinatsike pamene inakwera.
Kwa aphunzitsi, ndamva, nyerere zapanga msewu
wochokera pawindo kukafika pansi pa bedi.

Padoko pakadali zii.
Simenti yayamba kuuma m'matumba momwemo,
ndipo kuzilumba, kumene sitima ndiye msewu,
wina akuyang'ana madzi, sopo atamuthera zenizeni.
Iwowo sitinawatchule pamzere paja.

Dzulo Twaibu anadutsa ndi anzake, chikwangwani chili paphewa,
zilembo zitasuluka ndi dzuwa.
Anaima pakhomo nandipatsa moni wa m'manja.
Zikhatho zija, zimene zinkakanda ngati chingwe cha sitima,
zayamba kufewa.
Anaona kuti ndazindikira.
Anabweza dzanja msanga, nalibisa m'thumba.